FRITZ HABER, MWINI NZERU YA M'THUMBA LA FETELEZA

Mlimi wa m'mphepete mwa nyanja ku Salima, kaya ndi wa chimanga kwa Khombedza kaya wa mpunga ku Lifuwu, akamasula thumba la feteleza wa yureya amatapa ndi dzanja lake chinthu chimene poyamba chinali mpweya wosaoneka. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni, chakudya chimene chimabiriwiritsa masamba ndi kudzaza ngala, ndipo nayitirojeni yenseyo anachita kukokedwa mumlengalenga ndi makina a m'maiko akutali. Munthu amene anatulukira njira imene makinawo amagwiritsa ntchito anali Mjeremani, dzina lake Fritz Haber, amene anamwalira m'chaka cha 1934. Mbiri yake iyenera kudziwika kwa aphunzitsi ndi kwa onse ogwira ntchito za Boma, pakuti chuma chambiri cha dziko lino chimathera pa chinthu chimene iye anatulukira, ndiponso pakuti m'moyo wa munthu mmodzi yemweyo munakomana dalitso lalikulu ndi tsoka lalikulu.

NJALA IMENE INALI PANJIRA

Pa magawo 100 alionse a mpweya umene anthu amapuma, magawo 78 ndi nayitirojeni. Chodabwitsa nchakuti chimanga chikhoza kuchita chikasu ndi kupinimbira chifukwa chosowa nayitirojeni, chikhalirecho chili kugwedezeka m'mphepo yodzala ndi chakudya chomwecho. Chifukwa chake nchakuti tizigawo ta nayitirojeni wa mumpweya timayenda tiwiritiwiri, togwirana kolimba kotero kuti muzu kapena tsamba sizingathe kutilekanitsa. Njira zachilengedwe zomasulira mfundo imeneyi nzowerengeka. Mphezi imamasula pang'ono. Tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'timibulu ta kumizu ya mtedza, nandolo, nyemba ndi mitengo ina, timamasula kochulukirapo. Makolo a ku Salima anazindikira phindu lake osalowa m'kalasi. Pokonza minda anali kusiya mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba mvula ikayamba, chifukwa anaona kuti chimanga cha pansi pake chimaposa chinzake.

Ku Ulaya, kumene anthu anali kuchuluka msangamsanga, ndowe ndi mbewu za mtundu wa nyemba sizinakwanirenso. Anayamba kuitanitsa zitosi za mbalame kuchokera ku zisumbu za Peru, ndipo zimenezi zitachepa anatembenukira ku mchere wa m'chipululu cha Atacama, umene maiko a Chile, Peru ndi Bolivia anamenyanirana nkhondo kuyambira 1879. Mchere womwewo ndiwo unalinso kupangira wonga wa mfuti. Mu 1898 Sir William Crookes, polankhula kwa akatswiri anzake mumzinda wa Bristol ku Mangalande, anachenjeza kuti migodi ya ku Chile idzatha tsiku lina, ndi kuti maiko odya tirigu adzagwa m'njala ngati odziwa za mankhwala sapeza njira yokolera nayitirojeni wa mumpweya.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

Haber anabadwa pa 9 December 1868 mumzinda wa Breslau, umene lero uli m'dziko la Poland ndipo umatchedwa Wrocław. Makolo ake anali Ayuda. Mayi wake, Paula, anamwalira khandalo lili ndi milungu itatu yokha. Bambo wake, Siegfried, anali wamalonda wogulitsa utoto ndi mankhwala, ndipo anafuna kuti mwana wake adzamlowe m'malo. Koma pamene mnyamatayo anadzayesa ntchito ya bambo wake atamaliza maphunziro ake, awiriwo sanamvane, ndipo anabwerera ku mabuku. Anaphunzira ku Berlin ndi ku Heidelberg, kumene anakhala pansi pa Robert Bunsen, mwini dzina la nyali ija imene ana a sukulu za sekondale amayatsa m'chipinda cha sayansi. Analandira udokotala wa sayansi ya mankhwala mu 1891. Posakhalitsa anabatizidwa nakhala Mkhristu, monga anali kuchitira Ayuda ambiri ophunzira a nthawi imeneyo, amene anali kuona kuti mipando yapamwamba m'masukulu ndi m'gulu la nkhondo inali yovuta kwa Myuda. Anali munthu wokonda dziko la Germany ndi mtima wake wonse, ndipo chikondi chimenechi ndicho chinatsogolera zabwino ndi zoipa zonse zimene anadzachita.

Mu 1894 anapeza ntchito yaing'ono pa sukulu yapamwamba ya zaluso ku Karlsruhe, kumene anakhala zaka 17, kugwira ntchito usana ndi usiku mpaka anakhala pulofesa mu 1906. Mu 1901 anakwatira Clara Immerwahr, mkazi woyamba kulandira udokotala wa sayansi ya mankhwala pa yunivesite ya Breslau, ndipo chaka chotsatira anabereka mwana wamwamuna, Hermann.

MKANGANO UMENE UNABALA AMONIYA

Mu 1904 Haber anayesa kuphatikiza nayitirojeni ndi mpweya wina wopepuka, wotchedwa hayidirojeni, kuti apange amoniya. Amoniya ndi mpweya wa fungo loboola mphuno, longa la m'khola la mbuzi losasesa, ndipo ndiye tsinde la feteleza yense wa nayitirojeni. Anatenthetsa mipweya iwiriyo kufikira madigiri 1,000, koma chimene anapeza chinali chochepa kotero kuti anaona ngati ntchitoyo ilibe phindu, naisiya. Nkhaniyo ikanathera pomwepo pakanapanda Walther Nernst, katswiri wotchuka wa ku Berlin, amene pa msonkhano wa ku Hamburg mu 1907 ananena pamaso pa anthu kuti ziwerengero za Haber zinali zolakwika. Haber anamva manyazi oopsa, ndipo anabwerera ku Karlsruhe ndi mtima wofuna kuyeretsa dzina lake.

Vuto lake linali lotere. Popanga amoniya, muyeso umodzi wa nayitirojeni umagwirana ndi miyeso itatu ya hayidirojeni, ndipo pa miyeso inayiyo pamatuluka miyeso iwiri yokha ya amoniya. Popeza chotulukacho chimatenga malo ochepa, kupanikiza mipweyayo mwamphamvu kumaikakamiza kugwirana. Koma moto uli ndi mbali ziwiri: ukachepa, nayitirojeni samasuka ndipo ntchito siiyenda, ukachuluka, amoniya amene wapangika amaswekanso nabwerera kumene anachokera. Chotero panafunika chinthu chachitatu, mkhalapakati wofulumizitsa kugwiranako pa moto wocheperapo, iye mwini osatha. Atayesa zitsulo zambiri Haber anapeza kuti chitsulo chosowa chotchedwa osmium chimagwira ntchito imeneyi bwino. Anaonjezapo nzeru ina: popeza pa ulendo umodzi mpweya wochepa wokha ndiwo umasanduka, anaganiza zoziziritsa amoniya kuti asanduke madzi nachotsedwe, ndi kubwezera mpweya wotsalawo m'ng'anjo kuti uzungulire kosaleka.

Womthandiza wake, Robert Le Rossignol wa ku chisumbu cha Jersey, anasula kamakina ka patebulo kotha kupirira mphamvu yopanikiza yoposa ya mpweya wapanja pafupifupi nthawi 200, ndi moto woposa madigiri 500. Pa 2 July 1909 akuluakulu a kampani ya BASF anadza ku Karlsruhe kudzaona. Makinawo anayamba avuta, kotero kuti mmodzi wa alendowo, Carl Bosch, anachoka osaona kanthu. Koma mnzake Alwin Mittasch anadikira, ndipo madzulo ake anaona amoniya ali kudontha m'botolo. Madontho amenewo sakanadzaza kapu pa ola limodzi, komatu ndiwo chiyambi cha mafakitale onse a feteleza a lero.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Kuchokera pa tebulo kufika pa fakitale unali ulendo wautali, ndipo anauyenda ndi anthu ena. Osmium yense amene analipo pa dziko lapansi sakanakwanira, chotero Mittasch anayesa zinthu zikwizikwi, mpaka mu 1910 anapeza kuti chitsulo wamba, chosakaniza ndi timankhwala tina pang'ono, chimagwira ntchito yomweyo. Mwala wa chitsulo wochokera ku Sweden ndiwo unamtsegula maso. Kufikira lero mafakitale ambiri amagwiritsabe ntchito chitsulo chimenechi.

Bosch, amene anaphunzira za usulu asanaphunzire za mankhwala, anakomana ndi vuto lina. Mipope yake yoyamba inaphulika patangopita masiku ochepa, chifukwa hayidirojeni wotentha anali kulowa m'chitsulo cholimba ndi kuchifumbutsa m'kati monga achitira nankafumbwe ndi chimanga. Iye anaika m'kati chikopa cha chitsulo chofewa, chimene hayidirojeni sachiwononga, nachikuta ndi chitsulo cholimba choboola timabowo, kuti mpweya wopyola uzithawira kunja. Mu September 1913 fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau, pafupi ndi mtsinje wa Rhine, yotha kupanga matani 30 a amoniya pa tsiku. Nchifukwa chake njirayi imatchedwa ndi maina awiri, Haber ndi Bosch. Pa nthawiyi nkuti Haber atasamukira ku Berlin, kumene mu 1911 anapatsidwa ulamuliro wa nyumba yatsopano ya kafukufuku ku Dahlem.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Chaka chisanathe chitsegulire fakitale ya Oppau, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka. Zombo za Angerezi zinatseka njira ya ku Chile, ndipo ambiri anayembekeza kuti wonga wa Ajeremani udzatha msanga. Koma amoniya akhoza kusandutsidwa asidi wopangira wonga ndi mabomba, chotero fakitale imene inamangidwa kuti idyetse minda inayamba kudyetsa mizinga, ndipo ina yaikulu koposa inatsegulidwa ku Leuna mu 1917. Olemba mbiri ambiri amavomerezana kuti popanda njira ya Haber ndi Bosch dziko la Germany silikanapirira zaka zinayi.

Kutalika kwa nkhondoyo kunamveka mpaka m'dziko lino. Pa nyanja yomwe ino, mu August 1914, sitima ya Guendolen inalemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Mu September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Ndipo m'zaka zotsatira amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pa ntchito ya tengatenga, ambiri osabwerako. Gulu la Ajeremani la ku East Africa linatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 November 1918, nkhondo ya ku Ulaya itatha kale.

Koma mlandu waukulu wa Haber suli pa wonga. Iye anadzipereka kwa akuluakulu a nkhondo, nawalangiza kuti agwiritse ntchito mpweya wakupha, ngakhale mapangano a ku Hague a 1899 ndi 1907 analetsa zida za poizoni. Pa 22 April 1915, pafupi ndi mzinda wa Ypres ku Belgium, asilikali ophunzitsidwa ndi iye anatsegula mitsuko yachitsulo yoposa 5,000, namasula matani oposa 150 a mpweya wa kolorini, umene mphepo inaukankhira m'maenje a adani. Ambiri mwa oyamba kuupuma anali asilikali a ku Algeria, Aafirika omenyera dziko la France. Haber anakhulupirira kuti chida chimenechi chidzafupikitsa nkhondo. M'malo mwake mbali zonse ziwiri zinayamba kupikisana pa kupanga mipweya yoopsa koposa. Anakwezedwa nakhala kapitao wa asilikali. Patapita masiku khumi, pa 2 May, mkazi wake Clara anadziwombera ndi mfuti ya mwamuna wake m'munda wa pakhomo, ndipo anampeza ndi mwana wawo wa zaka 12. Ena amati anadana ndi ntchito ya poizoni, ena amaloza ukwati umene unali utazizira kale ndi maphunziro ake amene anakwiriridwa m'ntchito za pakhomo. Haber sanazengereze, ananyamuka kupita ku nkhondo ya kum'mawa kukakonza za mpweya wina. Mu 1917 anakwatira Charlotte Nathan, ndipo ukwati umenewu unatha mu 1927.

ULEMU, GOLIDE NDI KUTHAMANGITSIDWA

Mu 1919 kunalengezedwa kuti mphotho ya Nobel ya 1918 yapatsidwa kwa Haber chifukwa cha amoniya. Akatswiri ambiri a ku France ndi ku Mangalande anakwiya, poona kuti munthu wa Ypres ali kulemekezedwa manda a anyamata awo asanamere udzu. Bosch analandira mphotho yake mu 1931, atapyola m'tsoka la pa 21 September 1921, pamene nkhokwe ya feteleza inaphulika ku Oppau ndi kupha anthu oposa 500.

Dziko la Germany litagonja linalamulidwa kulipira chindapusa chachikulu cha nkhondo. Haber, amene anakolola chakudya mumpweya, anaganiza kuti akhozanso kukolola golide m'madzi a m'nyanja yamchere ndi kuwombola dziko lake. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anayeza madzi a m'nyanja zosiyanasiyana, mpaka mu 1926 anavomera kuti golide amene alimo ngwochepa pafupifupi nthawi 1,000 kuyerekeza ndi zimene anthu anali kuganiza. M'zaka zomwezo akatswiri amene anagwira ntchito pansi pake anakonza mankhwala ophera tizilombo m'nkhokwe za tirigu, otchedwa Zyklon. Iye atamwalira, boma la Hitler linagwiritsa ntchito mtundu wina wa mankhwala amenewa, Zyklon B, kuphera Ayuda m'misasa, ndipo ena mwa abale a Haber anafera m'misasa imeneyo.

Hitler atatenga boma mu 1933, lamulo la mu April linachotsa Ayuda pa ntchito za boma. Haber anali wololedwa kukhala chifukwa cha ntchito yake ya pa nkhondo, koma analamulidwa kuchotsa omthandiza ake Achiyuda. Apa anaonetsa mtima umene ambiri sanauyembekeze: anatula pansi udindo wake kumapeto kwa mwezi womwewo, nathera miyezi yotsala kufunira anthu ake ntchito m'maiko ena. Ubatizo wake, ukapitao wake ndi mphotho yake sizinamtchinjirize. Dziko limene analikonda koposa banja lake linamuyesa mlendo. Anapita ku Cambridge ataitanidwa ndi Sir William Pope, amene pa nkhondo anali kupangira Angerezi mpweya wakupha. Chaim Weizmann anamuitananso kuti akagwire ntchito ku Rehovot, m'dziko la Palestine, koma mtima wake unali utafooka. Anamwalira mu hotela ku Basel, m'dziko la Switzerland, pa 29 January 1934, ali ndi zaka 65. Monga anafunira, phulusa la Clara linatengedwa ku Berlin nkuikidwa m'manda amodzi ndi iye. Chaka chitapita Max Planck anachititsa mwambo womkumbukira ku Berlin ngakhale boma linaletsa antchito ake kupitako, ndipo Bosch anafika ndi anthu ake.

CHOLOWA CHAKE M'DZIKO LINO

M'chaka cha 1900 anthu pa dziko lapansi analipo pafupifupi 1.6 biliyoni, mu 2022 anakwana 8 biliyoni. Akatswiri amawerengera kuti pafupifupi theka la anthu amenewa amadya chakudya cholimidwa ndi nayitirojeni wa njira ya Haber ndi Bosch. Mafakitale amapanga matani oposa 150 miliyoni a amoniya pa chaka. Nayitirojeni ngwaulere, koma hayidirojeni ngwodula, chifukwa amachotsedwa ku gasi wa pansi pa nthaka kapena ku malasha. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha mtengo wa feteleza: gasi akakwera, monga zinachitikira mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, thumba limakweranso pa msika wa Kamuzu Road ku Salima.

Maiko oyandikana nalo dziko lino anayesa kudzipangira okha. Ku South Africa amoniya anayamba kupangidwa ku Modderfontein mu 1932, makamaka chifukwa cha mabomba oswera miyala m'migodi ya golide, momwe amuna ambiri a kuno anakagwiramo ntchito. Ku Zambia fakitale ya Nitrogen Chemicals inatsegulidwa ku Kafue mu 1970, yodalira malasha a ku Maamba. Ku Kwekwe m'dziko la Zimbabwe kampani ya Sable Chemicals inasankha njira ina, yolekanitsa hayidirojeni ku madzi ndi mphamvu ya magetsi a ku Kariba. Koma njirayo inali kudya magetsi ochuluka kwambiri, ndipo inaimitsidwa mu 2015.

Dziko la Malawi lilibe fakitale ya amoniya. Feteleza wa nayitirojeni amachokera kunja, kudzera m'madoko monga Nacala ndi Beira, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Njanji inafika ku Salima mu 1935, Haber atangomwalira. Ndipo chitukuko cha ulimi wa thonje, mpunga ndi mtedza cha m'mphepete mwa nyanja, chimene chinayamba m'bomalo mu 1968, chinathandizidwa ndi dziko la West Germany. Kuyambira mu 2005 Boma linakhazikitsa ndondomeko yaikulu ya feteleza wotsika mtengo, ndipo mu 2020 alimi olembedwa anagula thumba pa K4,495, ndalama yotsala ikuperekedwa ndi Boma. Chaka ndi chaka gawo lalikulu la chuma cha unduna wa zaulimi lakhala likupita ku chinthu chimenechi.

Pali zinthu ziwiri zimene wogwira ntchito za Boma ayenera kuzisinkhasinkha. Choyamba nchakuti zipangizo zitatu za amoniya, ndizo mpweya, madzi ndi mphamvu, zonse zilipo ku Salima, kumene malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 anatsegulidwa mu 2021. Koma zimene zinaoneka ku Kwekwe zimaphunzitsa kuti popanda magetsi ochuluka, osathima ndi otsika mtengo, fakitale yotere imasanduka chigoba. Chachiwiri nchakuti mbewu zimadya gawo lokha la feteleza amene wathiridwa. Yureya womwazidwa pamwamba pa nthaka osakwirira amabwerera mumlengalenga ngati amoniya, ndipo wina amakokoloka ndi mvula, kutsika ndi mitsinje monga Linthipe mpaka m'nyanja, kumene amadyetsa ndere m'malo mwa chimanga. Mlangizi amene aphunzitsa mlimi kukwirira feteleza, kuthira pa nthawi yake, kusinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena nandolo, ndi kusunga msangu m'munda, amapulumutsa ndalama zakunja monga momwe ikanachitira fakitale.

Nyumba ya kafukufuku ya ku Dahlem inapatsidwa dzina la Fritz Haber mu 1953, ndipo kufikira lero Ajeremani amatsutsana ngati nkoyenera kuti dzinalo likhalepo. Mphunzitsi wolemba pa bolodi kuti nayitirojeni mmodzi ndi hayidirojeni atatu amabala amoniya awiri achita bwino kuwauza ana mbiri yonse: ya Karlsruhe ndi ya Ypres, ya Clara ndi ya Basel, pakuti ena mwa ana amenewo ndiwo adzapatsidwa makiyi a nkhokwe za dziko lino.